Chivomezi pa Dzenje Lomaliza

Kuwabara ankadziwa gofu kuposa a Shimizu, koma a Shimizu ndiwo ankayenera kusaina kontrakiti ndi kampani yake. Choncho pa bwalo la gofu la ku Chiba, ku Japan, ntchito ya Kuwabara inali kuphonya mwaulemu. Mpira uzilambalala dzenje pang'ono chabe, kasitomala apambane osazindikira kanthu.

Ataphonya m'mawa anati, "Udzuwu anaumeta mokondera, bwana."

Ataphonyanso masana anati, "Nkhomaliro ija yakhala mbali imodzi ya mimba, ndiye ndikupendekeka."

A Shimizu anaseka mpaka misozi. "Iwe Kuwabara, manja akowo ndi a tofu, ofewa ngati phala!"

Pofika pa dzenje lomaliza anali akufanana mphamvu. Kuwabara analunjikitsa mpira pambali dala. Mpira unagunda kachulu ka nyongolotsi, unakhota, n'kugwera m'dzenje mwenimweni.

Kuwabara anali atapambana. Anawerama, thukuta lili kamukamu.

"Pepani bwana, kwachita chivomezi."

A Shimizu anayang'ana pansi, kenako anamuyang'ana iye.

"Ndachimvadi inenso. Taona dzanja likunjenjemera, lero sindingathe kusaina. Tidzabwereze Loweruka, ndipo udzabwere ndi zifukwa zatsopano. Cha nkhomaliro chija ndichigwiritsa ntchito ine."