Nyumba Yachitsanzo Posunga Madzi

Damu la mzinda litayamba kuonetsa matope, bwana wa ofesi ya madzi anauza mayi injiniya kuti apeze nyumba yomwe yachepetsa madzi kuposa zonse, ikhale chitsanzo m'pulani yatsopano.

Mayiyo anafufuza manambala a mamita tsiku lonse, kenako anaika pepala patebulo la bwana.

"Taonani! Achepetsa ndi theka m'miyezi inayi yokha," anatero bwanayo. "Anthu anzeru awa. Mukawafunse chinsinsi chawo, mayi."

"Ndikawafunsa, bwana."

Bwanayo, wodziwa manambala kuposa momwe ankadziwira antchito ake, adilesi sanaiyang'ane n'komwe. Inali nyumba ya mayi injiniya yemweyo.

Atafika kunyumba, mayiyo anaima m'bafa, momwe amuna ake ankametera ndevu mpopi uli chitsegulire. Kwa zaka makumi awiri ankawakalipira m'mawa uliwonse: "Bambo inu, mukufuna kundichotsetsa ntchito?" Iwo ankangoseka, thovu lili m'masaya. Anawaika m'manda miyezi inayi yapitayo.

Lezala lawo linali pomwepo, louma gwa. Mayiyo anatsegula mpopi mpaka kumapeto, n'kukhala pansi kumvetsera madzi akupita pachabe.