Botolo la Nyukiliya

Mu stafurumu amanditcha "Nyukiliya". Dzina langa lenileni ndine Keziya, ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina pa boma la Chadiza, ndipo wondiseka aseke mpaka nthiti zimuwawe.

Nkhani yake ndi iyi. Pali akatswiri ena amene amaganiza kuti ukaviika kawaya ka chitsulo chotchedwa paladiyamu m'madzi apadera, n'kulowetsamo magetsi pang'ono kwa milungu ingapo, timaatomu tingathe kulumikizana mwakachetechete n'kutulutsa kutentha koposa magetsi amene walowetsawo. Popanda utsi, popanda dizilo, popanda makala. Ambiri amati ndi maloto chabe, ndipo zoonadi palibe amene watsimikiza. Koma ine ndili ndi amayi anga, a Lefina, amene chifuwa chawo chimalira ngati chitseko chakale. Ku kiliniki anatiuza mosabisa kuti ndi utsi wa nkhuni. N'chifukwa chake ndinakawatenga kumudzi ku Zemba m'nyengo yozizira kuti adzakhale nane.

Kawayako anandibwereka ndi a Dokotala Yoweli Mbewe, amene anandiphunzitsa ku Lusaka. Anandichenjeza pa foni: "Keziya, pali wophunzira wina akukadikira. Temu ikatha usanaone kanthu, ndidzakatenga."

Ndinaika botolo langa m'kachipinda ka kuseri, ndi batire ya sola ndi choyezera kutentha chomwe chimatumiza manambala ku foni. Choyezera chachiwiri, cha kutentha kwa mpweya wa m'chipindamo, sukulu inachitenga chifukwa cha mayeso. Ndinakangana ndi akuluakulu a sukulu mpaka mawu kusasa, koma anachitengabe. Ndinangodzitonthoza kuti chipindacho n'chotseka, dzuwa silifikamo, chingasinthe n'chiyani?

Milungu inadutsa botolo lili zii. Ndinkalidzukira m'mamawa, kulithira madzi, kulipukuta, kulilankhula mwano. Temu inali kutha.

Ndiye tsiku lina ndili m'kalasi, foni inaonetsa kutentha kukukwera. Choko chinandipulumuka m'manja. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi: kukwera cham'mawa, kutsika chamasana ndisanaweruke. Ndikafika kunyumba ndinkapeza chipinda chili mmene ndinachisiyira, chosesedwa bwino. Ndinayeza mawaya, ndinayeza batire, zonse zinali bwino. Mtima unali phaphapha, tulo osabwera.

Ndinawaimbira a Mbewe. Munthu wamkulu uja anasiya ntchito zake, anakwera basi mpaka ku Chipata, n'kupanikizana m'minibasi ya ku Chadiza pakati pa matumba a feteleza. Anatsika m'mawa fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Ndinapempha chilolezo kusukulu n'kukawachingamira.

"Tiyi pambuyo," anatero. "Tikalione likutentha."

Nditatsegula chitseko cha kachipinda kaja, fungo la makala linandimenya m'mphuno. Pansi pa tebulo, pansi penipeni pa botolo langa, panali mbaula ili psuu. Pambali pake katoni yodzaza anapiye, ali tsiyotsiyo. Amayi anali pamphasa, miyendo atatambasula, akusenda mtedza.

"Amayi! Ichi n'chiyani?"

"Aa, wabwera ndi alendo? Takulandirani, bambo." Anagwada n'kuwomba m'manja, kenaka anatembenukira kwa ine. "Ukukuwiranji? Thadzi lija linagwidwa ndi galu, ndiye anapiyewa afe ndi mphepo? Kwathu timawaothetsa moto m'nyumba. Muno ndimo mosalowa mphepo."

"Munayamba liti?"

Anatchula tsiku. Linali tsiku lomwe lija choko chinandipulumuka.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ukanalola? Ndimatulutsa usanabwere, n'kutsegula windo, n'kusesa. Ndiponso botolo lakoli ndinaligwira, mwanawe, kuzizira kwake! Iwe kulidzukira m'mamawa ngati khanda, koma kulisiya pamphepo. Ndinati nalonso liotheko, n'chifukwa chake mbaula ndinaisunthira pansi pakepo."

Ndinafuna kukuwa mpaka anthu a kumsika amve. Ndinafuna kuiponda mbaulayo. Koma ungamukalipire bwanji mayi wako pamaso pa mlendo, pomwe iye amati akukuthandiza? Ndinangotembenukira kwa a Mbewe, misozi ili lengelenge.

A Mbewe sanaseke, ndipo bola akanaseka. Anagwira botololo, anayang'ana mbaula, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Choyezera cha m'chipinda chili kuti?"

"Chili ku mayeso."

"Pepa, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Temu yatha."

Anazimitsa magetsi ndi dzanja lawo, anasolola kawaya kaja, anakakulunga m'thonje n'kukaika m'thumba la jekete. Tiyi anamwa chiimire chifukwa minibasi yobwerera inali itayamba kudzaza.

Nditawaperekeza ndinabwerera kunyumba. Amayi ndinawapeza m'kachipinda momwe muja, atawerama, akuuzira makala. Utsi unawalowa, anayamba kutsokomola, kutsokomola, mpaka anagwira mwendo wa tebulo. Ndinawasisita kumsana mpaka chifuwa chinadekha.

"Mlendo uja watenga mankhwala a m'botolo?" anafunsa akupukuta maso.

"Atenga."

"Ndiye chipindachi chilibenso ntchito. Anapiyewa azigona muno?"

"Azigona, amayi."

Ndinatsegula windo kuti utsi utuluke.