Timba wa Pamanda a Mwana

Abson anafika ku Kanakantapa thalakitala italira kale. Munda umene unali wake zaka makumi atatu zapitazo tsopano unali wa Langford, mlendo wa ku Chipata, amene anali atadula mitengo yonse n'kuotcha makala. Penapake m'mundamo munagona mwana wa Abson, yekhayo amene anabala, yemwe anabadwa wakufa.

"Ba Abson, nionetseni manda, tizasiyako," anatero Langford. "Koma fulumirani, thalakita niyobwereka."

Abson mandawo sanawaonepo. Khanda lotere amaika ndi amayi okhaokha, mwamuna sayandikira. Amayi onse amene anapitako anatha, ndipo mkazi wake Rosaria anamwalira chaka china cha chilala. Rosariayo anangomuuza chinthu chimodzi: kuti pamandapo pali chitsamba, ndipo timba amamanga chisa pomwepo chaka ndi chaka.

Timba Abson ankamudziwa bwino: kambalame kakang'ono, kofiirira pamsana, kotuwa kumimba, kokhala ndi kamzera koyera pamwamba pa diso. Kamaimika mchira wake wautali n'kumaugwedeza, ndipo sikauluka patali. Chisa kamalukira pansipansi, m'masamba.

Anayenda pakati pa zitsa, khutu lili tcheru. Kenaka anamva kulira kuja, tswi tswi tswi, ndipo anakaona pa kachitsamba kophukira pachitsa. Anaitana Langford.

"Ni apa!"

Langford anazika mtengo pomwepo ngati chizindikiro. Asanachotse dzanja, timba wina analira kumbuyo kwawo, pafupi ndi chulu. Winanso anayankha kumunsi.

"Manje mudala, muli na ana angati pansi apa?" anaseka woyendetsa thalakitala. Langford anamudzudzula ndi maso.

Abson anapita kuchulu, nabwerera, napitanso kumunsi. Timba aliyense anali ndi kamzera komweko, mchira womwewo. Anakwiyira Rosaria chifukwa chosamutengerako ngakhale mobisa, kenaka anakumbukira kuti iye mwini sanamupemphepo.

"Sankhani malo amodzi, tate," anatero Langford mofatsa. "Siningasiye munda onse."

Abson sanamukhulupirire. Anthu a masiku ano amalonjeza uli pomwepo, ukachoka amalima. Komabe akanaloza pati? Anayang'ana mtengo wozika uja, anayang'ana chulu, dzanja lake osadzuka.

Thalakitala inayambira kumunsi. Mbalame zija zinabalalika, ndipo Abson anangoima, chipewa chili m'manja, kuyang'ana dothi likutembenuzika mzere ndi mzere.