Kalata Yosamutsa Mphunzitsi wa Masamu

Mlembi wa pasukulupo anali atalemba mizere itatu pakompyuta pamene zala zake zinakana kupitiriza. Kalatayo inali yosamutsa mphunzitsi wa masamu, amene Lachitatu anatsekera mtsikana m'chipinda chosungira mabuku n'kumugwiririra. Azakhali a mwanayo anali pabenchi panja kuyambira m'mawa, kudikira yankho. Koma ahedi anali ndi mankhwala amodzi pa nkhani iliyonse yonunkha: kumusamutsa munthu mwakachetechete.

"Mwamaliza, mayi?" anafunsa ahediwo atasuzumira pakhomo. "Mulembe kuti ndi wolimbikira ntchito, akamulandire msanga kumeneko."

"Wolimbikiradi, bwana. Mpaka kukhoma chitseko."

Ahedi sanaseke. Mlembiyo anachita mantha, chifukwa pa zaka khumi ndi zisanu anali asanawayankhepo chotero. Komabe anadzuka, natsegula kabati n'kusolola fayilo ya mphunzitsiyo. Pamwamba penipeni panali kalata imene mphunzitsiyo anabwera nayo zaka zitatu zapitazo, yomwe mlembi mwiniyo anaibowola n'kuisunga.

"Tawerengani iyi. Anabwera pakati pa teremu, popanda chifukwa chomveka, kalata ikumuyamikira ngati mngelo. Amene anailemba ankadziwa, bwana. Anatitayira ife, lero ife tikufuna kutayira ana a eni."

"Nanga dzina la sukulu?"

"Dzina la sukulu silinapite kuchipatala. Wapita ndi mwana."

Ahedi anakhala pampando wa alendo, nawerenga kalata yakaleyo kawiri. Anavula magalasi. Mlembi anayamba kuganiza zoti mwina kalata yotsatira ikhala yomuchotsa iyeyo.

"Fufutani," anatero ahedi potsiriza, mawu ali pansi. "Lembani ina yopita kupolisi, ina ku ofesi ya maphunziro. Ndikapereka ndekha. Ndipo muuze kalipentala agulule chitseko chija lero lomwe."

Mtima wa mlembi unakhala pansi moti anachita kulakwitsa deti kawiri. Pofika masana apolisi anali atamutenga mphunzitsiyo, choko chidakali m'manja, aphunzitsi anzake akunamizira kuchonga makope.

Mlembi anatuluka ndi kapu ya madzi kukapatsa azakhali aja, omwe anaona zonse ali pabenchi pomwepo. Anamwa pang'ono.

"Ndiye mwanayu ndimufunire sukulu ina, mayi? Akuti akuopa kubwera."

"Ayi, mayi. Akapeza bwino abwere, desiki yake ilipo. Amene sabweranso kuno ndi uja."