Bulangeti Safinya Munthu Mmodzi

Chitengereni a Herbert, mwamuna wake, Hilda ankakhala yekha pa benchi ku tchalitchi cha ku Katoto. A Herbert anangodandaula za mtengo wa feteleza pa mapemphero a m'nyumba, m'mawa mwake galimoto ya apolisi inabwera kudzawatenga. Ndiye kuti wina mwa opempherawo anali ndi makutu aatali. Amayi a ku Nkhata Bay, akwawo a Hilda, anagamula msanga: ndi Nelia, wa ku Dedza uja. Koma akwawo omwewo, ogamula bwino chotero, ndi amene ankamuthawa Hilda ngati ali ndi mphere, kuopa kuoneka ndi mkazi wa munthu womangidwa.

Tsoka lake, Hilda ndi Nelia ankagwira ntchito limodzi, yochapa zofunda pa nyumba ina yogona alendo. Bulangeti lonyowa ndi mvula yowaza ya Mzuzu safinya munthu mmodzi. Wina agwire uku apotokolere kumanja, mnzake uko apotokolere kumanzere, madzi ndiye atuluke. Hilda ankapotokola atatseka pakamwa, mtima uli chidani chokhachokha.

"Anzanga," anatero Nelia tsiku lina, "pano timakoka mosiyana koma ntchito imatheka. Kapitawo safunsa kuti kwanu n'kuti. Nanga kutchalitchi chativuta n'chiyani, poti mbale ya mgonero ndi imodzi?"

Hilda anaona msampha. Ayankhe kuti chiyani, mawa akamve mawu ake omwe m'kamwa mwa wapolisi?

"Yewo, mama. Gwirani bwino, likugwa," anangotero.

Lamulungu, Nelia anadutsa mabenchi onse a amayi a chigawo chapakati, anthu akumuyang'ana, nadzakhala phe pambali pa Hilda. Anatsegula buku la nyimbo n'kumugwiritsa mbali imodzi. Hilda anagwira ndi nsonga za zala. Wamtuma ndani? Ngakhale popemphera Hilda sanatsinzine, ankayang'ana milomo ya mnzakeyo. Sabata yotsatira zinali chimodzimodzi, inzake chimodzimodzi, ndipo amayi akumbuyo ankagwedezana kuti kazitape wapeza pomvera pabwino.

Kenaka Nelia sanabwere kuntchito. Hilda anapsa mtima. Wapita kukapereka lipoti, basi! Poweruka analunjika ku Salisbury Lines, kumene Nelia ankakhala, atakonzeka kumufunsa maso ndi maso, zivute zitani.

Anapeza chitseko chili pululu, mpando utagwa chagada, nsapato imodzi pakhomo. Mayi woyandikana naye nyumba anasuzumira pazenera osalitsegula lonse.

"Mwachedwa, mama. Amutenga m'mawa."

"Amutenga ndani?"

"Musandifunse ine. Sabata yatha anthu omwewo anabwera kudzamuchenjeza kuti aleke kukhala ndi mkazi wa chigawenga kutchalitchi. Iye akuti, ameneyo ndi mnzanga wa kuntchito, sindingamusiye yekha. Wouma mutu chomene. Imwe ndinu ndani wake?"

Manyazi anamugwira Hilda, ndipo pamene ankati ayankhe, mayi uja anali atatseka kale zenera.