Mavu a Bambo Brubaker

Kodi pa bowo limodzi la papepala, laling'ono ngati njere ya nandolo, panadutsa zipolopolo zingati?

A Lowell Brubaker ankadzifunsa zomwezo Loweruka lija pabwalo la mpikisano wowombera chandamale. Mfuti yawo inali itagona pa matumba a mchenga, pa tebulo la simenti. Anaipanga okha zaka makumi atatu zapitazo. Inali yolemera kwambiri, ndipo inkalowa chipolopolo chimodzi basi, cha mtundu wakale wotchedwa Mavu, umene anzawo onse anausiya kalekale.

Lamulo linali kuwombera kasanu, ndipo wopambana ndi amene mabowo ake athithikana koposa. Koma ali mkati, mphepo inatembenuka. Anadikira kuti timbendera toonetsa mphepo tigone, ndipo podikirapo chiwerengero chinawathawa m'mutu. Makoko a zipolopolo sakanawathandiza, pakuti zina anawombera pa chandamale china, choyesera mphepo.

Atayamba kuiwalaiwala chaka chatha, analonjeza akazi awo a Arlene kuti tsiku limene adzasokoneze kuwerenga mpaka pa zisanu, mfuti adzaipachika osaigwiranso.

"Madala, mavu anu aluma pamodzimodzi lero," anatero a Virgil, mnzawo wa tebulo loyandikana. "Kapena limodzi ndi limene lafika, enawo athawira kuthengo?"

"Samalani zanu, achimwene. Pepala lanu likuoneka ngati sefa."

A Lowell anaseka nawo, koma a Arlene, amene anabwera ndi khofi, anawayang'ana m'maso.

"Bambo, mwawombera kangati?"

"Ndikanakonda kunena kuti kasanu," anayankha motsitsa mawu.

"Tiyeni tikaone limodzi."

Kuseri kwa chandamale chilichonse kumakhala pepala lina limene limayenda pang'onopang'ono, kuti chipolopolo chilichonse chisiye bowo lakelake. Woweruza analiyala patebulo pambali pa chandamale chija. Anayamba wayeza kabowo kamodzi kaja, n'kupukusa mutu.

"Chiyambire ntchitoyi sindinaone kakang'ono chonchi."

A Lowell sanamumve. Chala chawo chinkayenda pa pepala lachiwiri lija, akuwerenga mabowo. Atafika kumapeto anayambiranso, kenako anabwerera ku tebulo lawo. Anapukuta mfuti mosathamanga, kuyambira kumpope mpaka kuchogwirira, naitsekera m'bokosi lake. Kiyi anaika m'dzanja la a Arlene.

Mabowo anali asanu ndi limodzi.