Mtedza m'Khola la Makoswe

Pa sabata lakhumi la kafukufuku wake, Tehmina anapeza khoko la mtedza m'khola la khoswe nambala 17. Analitola ndi zala ziwiri.

Makoswe onse makumi awiri ndi anayi anawaboola chigaza yekha, atawagonetsa ndi mankhwala. Bowo lake linali la mamilimita asanu ndi atatu, lalikulu moti fupa silingatsekeke palokha. Theka la makoswewo anawaika kachigamba ka silika, kamene ankayembekeza kuti kathandiza fupa kumera. Enawo anangowasoka khungu bowo lili pululu, kuti akhale oyerekezera. Zina zonse zinayenera kufanana. Gulu limodzi likanadya zosiyana ndi linzake, ntchito ya chaka chonse ikanapita pachabe.

Anatuluka panja n'kupeza a Inayat, osamalira nyama, amene aliyense pa yunivesitepo ankawatcha Chacha, kutanthauza kuti amalume. Anali atakhala padzuwa, atafunda nsalu yaubweya chifukwa cha chisanu cha ku Lahore, akupemerera tiyi.

"Chacha, ichi n'chiyani?"

Mkuluyo anayang'ana khokolo nthawi yaitali. "Mwana wanga, sukulu yonseyi, mtedza sukuudziwa?"

"Musandiseke, chonde. Ndani akudyetsa makoswe anga?"

"Ako? Umawaona kawiri pa sabata. Ine ndimadziwa amene amaluma ndi amene amagona chagada ngati bwana." Anaika kapu pansi. "Ndine. Lachisanu lililonse ndikachoka ku mzikiti. Ndinamva chisoni ndi aja unawasiya opanda kanthu m'mutu. Anzawo silika ngati akwatibwi, iwo mphepo yokhayokha."

Tehmina anakhala pansi pa sitepe. "Ndiye mumadyetsa gulu limodzi lokha? Chacha, mwandipha!"

"Ndikanafuna, koma ndikanawadziwa bwanji? Ubweya unamera, mitu yonse yafanana. Aphunzitsi ako anasintha manambala, mndandanda n'kuutsekera m'kabati kuti ngakhale iwe usakondere poyeza. Ndinayesa kupapasa mitu, kenaka ndinaopa kuwapweteka."

"Ndiye munatani?"

"Ndinawapatsa onse, nanga ndikanatani? Njere ziwiriziwiri, zili m'khoko momwemo. Ungapatse mwana mmodzi mnzake akuyang'ana?"

"Onse? Palibe amene munamudumpha?"

"Olo mmodzi. Nambala 9 amabisa zake pakona, ndiye ndimaima pompo mpaka amalize."

Tehmina anaseka, misozi ili m'maso. Anatsegula kope lake n'kuyamba kufunsa bwinobwino: anayamba liti, mtedza wamtundu wanji, amagula kuti. Kenaka anapita nawo ku sikelo, anayeza njere ziwiri kasanu, n'kulemba kulemera kwake.

"Izi ndiyenera kukawauza aphunzitsi lero lomwe," anatero. "Akalipa, koma poti onse anadya mofanana, kafukufuku apitirira. Zilembedwanso mu lipoti, kuti ena akafuna kubwereza adziwe."

A Inayat anakonza nsalu yawo paphewa. "Ukawauze kuti wolakwa ndine. Nanga masabata awiri atsalawa, ndisiye?"

Tehmina anaganiza pang'ono. Kusintha chakudya kumapeto kukanangowonjezera vuto lina.

"Musasiye. Koma ziwiri zokha, ndipo ndizikhalapo."

"Uzibwera nthawi yabwino, makoswe amenewa samadikira munthu." Anasuzumira m'kope muja, n'kuloza ndi chala. "Apa uwonjezere kuti wopanda mchere. Anthu akunja angaganize kuti Inayat sadziwa ntchito."